Mwala wa pa Zomba ndi Kalendala ya Ayuda

Mukamakwera phiri la Zomba pa msewu wokhotakhota uja, musanafike n'komwe pa Ku Chawe, anyamata amakhala atakuonani kale. Ena anyamula timadengu ta mabulosi, ena ayala miyala pathumba m'mbali mwa msewu. Miyala yake si yomangira nyumba ayi. Ina imaonekera ngati galasi lothimbirira ndi utsi, ina ndi yotuwa ngati mchere wa pamsika, ndipo pali ina yakuda bii, yosongoka ngati misomali, imene imanyezimira ukaitembenuza padzuwa. Yakudayo akatswiri amaitcha aegirine, ndipo yokumbidwa ku Zomba ndi Malosa imadziwika kwa osonkhanitsa miyala m'maiko akutali.

Tsiku lina mnyamata wina adandikakamiza kugula umodzi.

"Achimwene, tengani uwu. Ndi wakale kwambiri."

"Wakale bwanji?"

"Aaa, kuyambira pamene Mulungu adalenga dziko."

Sindidamutsutse, ndidangonenerera mtengo mpaka tidamvana. Koma potsika phiri, mwala uli m'thumba la jekete, ndidapezeka ndikudzifunsa kuti tsiku limene mnyamatayo amanena linali liti. Mumzinda womwe ndimatsikirawo muli mayankho awiri otalikirana koopsa. Ku likulu la Geological Survey, lomwe lili mu Zomba momwemo, angakuuzeni kuti thanthwe la Zomba ndi Malosa lidauma pafupifupi zaka 113 miliyoni zapitazo. Pomwe eni ake a buku la Genesis, Ayuda, mu Seputembala 2025 adalowa chaka cha 5786, ndipo chiwerengero chimenechi amachiyambira pa chilengedwe. Kuchokera ku ofesi ya miyala kupita ku Zomba Theological College, imene idatsegulidwa mu 1977, kapena ku seminale ya Akatolika ya St Peter's, kapena ku yunivesite imene inkatchedwa Chancellor College, yomwe idasamukira ku Zomba mu 1973, ndi ulendo wa kabaza. Sindikudziwa tauni ina m'Malawi muno momwe mwala ndi Baibulo zidayandikana chonchi, komabe kawirikawiri zimangodutsana osapatsana moni.

Zinthu ziwirizi zidafika kuno pafupifupi nthawi imodzi. Mu Epulo 1859 David Livingstone ndi John Kirk adaona nyanja ya Chilwa, phiri la Zomba litaima chakumadzulo kwake. Mu Novembala chaka chomwecho, ku London kudatuluka buku la Charles Darwin lonena kuti zamoyo zonse zidachokera ku makolo amodzi n'kumasintha pang'onopang'ono. Amishoni a Church of Scotland adakhazikika ku Blantyre mu 1876, Alexander Hetherwick adayambitsa mishoni ya Domasi mu 1884, ndipo pakati pa zaka zimenezi, mu 1883, kudabwera munthu wina wodabwitsa, Henry Drummond. Iyeyu anali mlaliki wotentha komanso mphunzitsi wa sayansi ku Glasgow, ndipo adayenda mpaka ku Chilwa akutola tizilombo ndi kuyang'ana miyala. Drummond sankaona vuto kulalikira Yesu Lamulungu n'kuphunzitsa za Darwin Lolemba. Mu 1894 adalemba buku lathunthu pa nkhaniyi, ndipo Akhristu anzake ambiri adamukwiyira. Mkanganowu tsono si wa dzulo, udabwera pa sitima imodzi ndi Uthenga.

Baibulo lonse m'Chinyanja, Buku Lopatulika, lidatuluka mu 1922, atalitsogolera William Murray wa ku Nkhoma. Chaka chimodzi izi zisanachitike, mu 1921, boma la atsamunda lidalandira mnyamata wina dzina lake Frank Dixey kudzayang'anira za miyala, ndipo adakhala kuno mpaka 1939. Dixey adayenda dziko lino ndi nyundo. Ku Karonga adatola mafupa a chinyama chachikulu chamtundu wa dinosaur, chimene mu 1993 chidapatsidwa dzina loti Malawisaurus dixeyi. Kuno kwathu adafufuza mapiri ozungulira Chilwa, ndipo mu 1937, pamodzi ndi W. Campbell Smith ndi C. B. Bisset, adafotokoza za mwala wachilendo wa pachilumba cha Chisi. Mwalawo umaoneka ngati wa laimu, koma sudachokere ku zigoba za m'madzi monga miyala ina ya laimu. Udatuluka m'mimba mwa dziko uli wosungunuka. Kuyambira pamenepo dzina la Chilwa lidalowa m'mabuku a sayansi ya miyala padziko lonse.

Ambiri timaganiza kuti Zomba linali phiri lophulika moto. Akatswiri akuti thanthwe tikulionali lidaumira pansi pa nthaka. Phala lamoto lidakwera kuchokera pansi, lidaima panjira, n'kumazizira mwapang'onopang'ono kwambiri, n'chifukwa chake timiyala ta mkati mwake tidapeza mpata wokula mpaka kuoneka ndi maso. Phala likazizira msanga silibala misomali yakuda ija. Kenaka mvula ndi mitsinje zidakokolola miyala yofewa yomwe idalikwirira, cholimba n'kutsala chili njo, mamita oposa 2,000 pamwamba pa nyanja yamchere. Nanga zaka amaziwerenga bwanji? Mu timiyala tina muli uranium amene amasanduka mtovu pa liwiro lodziwika, ndipo mwina muli potassium amene amasanduka mpweya wa argon. Zili ngati ndowa yodontha: ukadziwa kuti imataya madontho angati pa ola, n'kuyeza madzi amene ali pansi ndi amene atsala, umadziwa nthawi imene idadzazidwa. Ndowa ya ku Zomba ikuloza nyengo imene ma dinosaur anali kuyendabe padziko.

Buku la Genesis lidatifika litavala jekete la ku Scotland ndi la Maburu a ku Cape. M'mphepete mwa Mabaibulo akale a Chingerezi munkalembedwa kuti dziko lidalengedwa mu 4004 Yesu asanabadwe, chiwerengero cha bishopu wa ku Ireland, James Ussher, cha mu 1650. Eni bukulo sitidakhale nawo pansi. Zomba ilibe sunagoge. Ku Zambia Ayuda adamanga masunagoge ku Livingstone, ku Lusaka ndi ku migodi, ku Zimbabwe adamanga ku Bulawayo ndi Harare, koma kuno adangodutsa. Pa nkhondo yachiwiri kagulu ka othawa Hitler kadasungidwa mu Nyasaland, nkhondo itatha n'kubalalika. Akuluakulu amakumbukira Roy Welensky, nduna yaikulu ya chitaganya kuyambira 1956 mpaka 1963, amene bambo wake anali Myuda wochokera ku Lithuania, koma amamukumbukira pa zina. M'zaka za m'ma 1960 alangizi a ku Israel adathandiza kuphunzitsa a Payoniya, ndipo kuyambira kumapeto kwa 2023 achinyamata athu akhala akupita kukagwira ntchito m'minda ya kumeneko. Palibe mwa onsewa amene adabwera kudzatiwerengera Genesis. Chomwe tili nacho ndi mawu awo m'kamwa mwathu. Tikati "ndibwera sabata yamawa" tayankhula Chiheberi osadziwa, pakuti Shabbat ndi tsiku lachisanu ndi chiwiri lija, limene Ayuda amalilandira Lachisanu dzuwa likamalowa, ndi makandulo ndi chikho cha vinyo, pokumbukira chilengedwe.

Mukatsegula Baibulo la arabi, aphunzitsi a Chiyuda, mudzaona kuti mawu a Malemba enieniwo ndi kachigawo kochepa pakati pa tsamba. Mozungulira mwadzaza ndemanga za aphunzitsi a mibadwo yosiyanasiyana, uyu akutsutsa uyo, wa ku France akukangana ndi wa ku Spain amene sadaonanepo naye. M'sukulu zawo, zotchedwa yeshiva, ophunzira amakhala awiriawiri n'kumawerenga mokweza, kufunsana ndi kutsutsana, phokoso lake ngati pabwalo la milandu pamene nkhoswe za mbali ziwiri zagundana. Kwa iwo kufunsa lemba funso lovuta n'kulilemekeza. Ife tidazolowera kuti mbusa akawerenga, mpingo uvomere. Ndikukumbukira mnzathu wina m'kalasi ya chisomo atafunsa kuti masiku atatu oyamba ankawerengedwa bwanji poti dzuwa lidalengedwa tsiku lachinayi. Adauzidwa kuti asiye mwano. Chonsecho funso lomwelo arabi adalifunsa zaka zoposa 1,500 zapitazo, ndipo mu Talmud, buku la ziphunzitso zawo, muli yankho loti kuwala kwa tsiku loyamba kunali kwa mtundu wina, kumene Mulungu adakubisa kuti kudzakhale kwa olungama. Mungaliseke yankholo, koma wofunsa sadathamangitsidwe.

Sikuti ankangolola chilichonse. Mishnah, buku la malamulo lomwe lidasonkhanitsidwa cha m'ma 200, limaletsa kuphunzitsa zinsinsi za chilengedwe pagulu, ngakhale kwa anthu awiri pamodzi. Mwina Mchewa angamvetse msanga lamuloli kuposa Mzungu: pali nkhani za kudambwe zimene sizikambidwa pamsika. Koma lamuloli likuvomereza kuti pansi pa mawu osavuta a mutu woyamba pali zozama zimene mwana wa Sande sukulu sangazione. M'buku lina la ndemanga, Bereshit Rabbah, Rabi Abbahu wa ku Caesarea akuti Mulungu adalenga maiko ena n'kuwaphwasula asanalenge lino. Mawu amenewa adakhala m'buku zaka mazanamazana ngati mbewu yosungidwa m'chiguduli, kudikira mvula yake.

Mwana aliyense wa Chiyuda wophunzira Malemba amayamba ndi Rashi, amene adakhala ku Troyes, ku France, kuyambira 1040 mpaka 1105. Pa vesi loyamba lenilenilo Rashi akufunsa funso loti kwathu kuno lingakuchotsetse pa udikoni: bwanji buku la malamulo likuyamba ndi nkhani ya chilengedwe, m'malo moyamba ndi lamulo loyamba limene Aisraeli adapatsidwa? Yankho limene akupereka ndi la malo, loti mwini dziko ndiye amene adalilenga, ndipo amaligawa monga afunira. Kenaka akuwonjeza kuti vesilo silidabwere kudzaphunzitsa ndondomeko ya chimene chidayamba ndi chimene chidatsatira, popeza madzi akutchulidwa alipo kale osanenedwa kuti adalengedwa liti. Izi adazilemba zaka zoposa 750 Darwin asanatulutse buku lake, kotero palibe anganene kuti ankathawa asayansi.

Yankho la malo lija lidandikumbutsa Kaphirintiwa. Makolo athu ankati mwamuna ndi mkazi oyamba adatsika ndi mvula pamodzi ndi Chauta ndi nyama, n'kuponda pathanthwe likadali lofewa ku Dzalanyama, mapazi awo n'kutsalira pamwala. Ankakhala mwamtendere mpaka munthu adapeka moto, tchire lidayaka, nyama zidathawa, ndipo Chauta adakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Wansembe wa ku Netherlands, Matthew Schoffeleers, amene adaphunzitsa ku Chancellor College, adathera zaka zambiri pa nkhani zotere ndi pa akachisi a mvula monga wa Makewana ku Msinja. Nthano ya chiyambi imanena za amene ali ndi mphamvu pa nthaka, amene ayenera kupempha mvula, ndi chimene chidasokoneza ubale wa munthu ndi nyama. Agogo amene ankaisimba sankayembekeza kuti mdzukulu apita ndi tepi kukayeza mapaziwo.

Munthu amene adayang'anana maso ndi maso ndi sayansi ya nthawi yake ndi Moses Maimonides. Adabadwira ku Córdoba, banja lake lidathawa chizunzo, adadutsa ku Fez, n'kukakhazikika ku Egypt komwe adakhala sing'anga wa kunyumba yachifumu mpaka imfa yake mu 1204. Tinganene kuti gawo lalikulu la moyo wake adalikhala mu Africa muno. Cha m'ma 1190 adalemba buku m'Chiarabu lothandiza anthu ophunzira amene nzeru za Agiriki zidawasokoneza chikhulupiriro. Nthawi imeneyo anthu anzeru ankatsata Aristotle, amene ankati dziko lilibe chiyambi, lidangokhalapo kuyambira kalekale. Maimonides adakana, koma chifukwa chimene adapereka n'chimene chimandigwira mtima. Sadanene kuti wakana chifukwa vesi latero. Adati Malemba amanenanso za dzanja ndi maso a Mulungu, ndipo timawamva mophiphiritsa chifukwa nzeru idatsimikiza kuti Mulungu alibe thupi. Mavesi a chilengedwe nawonso akadatha kumasuliridwa mwina, pakadakhala umboni wosatsutsika. Koma Aristotle adalibe umboni wotero, anali ndi maganizo chabe, ndipo maganizo akewo akadagwetsa zozizwitsa ndi Chilamulo chomwe. Apa mwamunayu adagwira zinthu ziwiri nthawi imodzi: sadalole kuopsezedwa ndi dzina lalikulu, komanso adasiya chitseko chosakhoma kuti umboni ukabwera ulowe. Ayuda anzake ena sadakondwe naye, ndipo mabuku ake adatenthedwa ku France m'zaka za m'ma 1230.

Pambuyo pake kudabwera Nachmanides wa ku Girona, amene adamwalira mu 1270. Iye adati chimene Mulungu adalenga kuchokera popanda kanthu chinali kanthu kamodzi kochepetsetsa, kopanda maonekedwe, ndipo zina zonse zidaumbidwa kuchokera m'kanthu kameneko. Alaliki a masiku ano amakonda kumutchula ponena kuti rabi adaiona Big Bang, chiyambi cha thambo monga sayansi imachifotokozera, zaka 700 asayansi asanaione. Amaiwala kunena kuti Nachmanides yemweyo adalemba kuti masiku asanu ndi limodzi aja anali masiku enieni a maola ndi mphindi. Munthu wakufa ndi wosavuta kumuika m'chipani chako.

Mafupa a zinyama zakale atayamba kufukulidwa ku Ulaya, mbewu ya Rabi Abbahu ija idamera. Mu 1842 Rabi Israel Lipschitz wa ku Danzig adalalikira za chinjovu chaubweya chopezeka m'madzi oundana a ku Siberia, za mafupa a zibuluzi zikuluzikulu, ndi za miyala yosanjikizana imene iliyonse ili ndi zotsalira zakezake. Sadachite mantha, adasangalala. Adati awa ndi mabwinja a maiko aja amene makolo adanena kuti adalengedwa n'kuphwasulidwa. Akadaona mafupa a Dixey a ku Karonga, ndikhulupirira akadapempha kuwagwira. Samson Raphael Hirsch wa ku Frankfurt, mtsogoleri wa Ayuda osunga mwambo amene adamwalira mu 1888, sadavomereze kuti Darwin watsimikiza nkhani yake, koma adati ngakhale itadzatsimikizika, idzangowonjeza ulemu kwa Mlengi amene adatulutsa zamoyo zonsezi kuchokera ku chiyambi chimodzi ndi lamulo limodzi. Abraham Isaac Kook, amene adakhala rabi wamkulu ku Palestine kuyambira 1921 mpaka imfa yake mu 1935, adapitirira pamenepo. Kwa iye, kukwera kwa zamoyo kuchoka pa zapansi kupita pa zapamwamba kunkagwirizana ndi ziphunzitso zachinsinsi za Chiyuda kuposa nzeru ina iliyonse.

Ndikadakhala wabodza ndikadati Ayuda onse adatsata njira imeneyi. Mu 1961 Rabi Menachem Mendel Schneerson, mtsogoleri wa gulu la Chabad ku New York, munthu amene adaphunzirapo uinjiniya ku Paris, adalemba kalata yoteteza zaka za pa kalendala monga zilili. Adati asayansi amayeza kanthawi kochepa n'kumalosera zakale kwambiri, ngati kuti zinthu sizidasinthepo. Adatinso Mulungu akadatha kulenga dziko lili ndi mafupa ake kale m'nthaka. Mfundo yoyambayo ndi yofunika kuiyankha, ndipo yankho lake ndi loti ndowa zodontha zija zilipo zamitundu ingapo, iliyonse ndi liwiro lake, koma zimaloza nthawi yofanana. Yachiwiriyo palibe angaitsutse ndi muyeso uliwonse, ndipo n'chifukwa chake ine siyindikhutitsa. Ikutanthauza kuti misomali yakuda ya m'thumba langa idalembedwa mbiri ya kuzizira kumene sikudachitike. Komabe anthu zikwizikwi ophunzira bwino amaigwiritsa mpaka lero, monganso Akhristu ambiri kuno. Kwa Akhristu, chiphunzitso choti miyala yonse yosanjikizana idabwera ndi chigumula cha Nowa chidafalitsidwa kwambiri ndi George McCready Price wa mpingo wa Adventist m'buku lake la mu 1923, kenaka ndi John Whitcomb ndi Henry Morris mu 1961. Ambiri amachiyesa chikhulupiriro cha makolo akale, chonsecho mabuku ake ndi aang'ono msinkhu poyerekeza ndi mishoni ya Domasi.

Nkhani ya Aristotle ija idatembenuka mochititsa kaso. Mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 asayansi ambiri ankaganizabe kuti thambo lilibe chiyambi. Albert Einstein, Myuda wosapita kusunagoge, mu 1917 adawonjeza kachiwerengero m'masamu ake kuti thambo likhale chiimire. Amene adati thambo likufutukuka, ndipo lidayambira pa kanthu kochepa, anali wansembe wa Chikatolika wa ku Belgium, Georges Lemaître. Umboni waukulu udapezeka mu 1965, pamene Arno Penzias ndi Robert Wilson adalengeza za kaphokoso kosatha kamene chida chawo chinkamva kuchokera mbali zonse za kumwamba. Poyamba adaganiza kuti ndi zitosi za nkhunda zimene zidamanga chisa m'chidamo. Adachitsuka, kaphokoso sikadachoke. Kanali kutentha kotsalira kwa chiyambi, chimene lero akuti chidachitika zaka 13.8 biliyoni zapitazo. Penzias anali mwana wa Chiyuda wa ku Munich amene adapulumutsidwa pa sitima za ana mu 1939, ndipo mu 1978 adalandira mphotho ya Nobel. Maimonides akadamwetulira. Koma Lemaître mwiniwake sadakondwe pamene Papa Pius XII mu 1951 adayankhula ngati kuti sayansi yatsimikiza Genesis, ndipo ndikuona kuti wansembeyo ndiye adaona patali. Mu 1990 Gerald Schroeder, wasayansi wa Chiyuda, adayesa kusonyeza ndi masamu a Einstein kuti masiku asanu ndi limodzi ndi mabiliyoni a zaka ndi nthawi imodzi yomweyo, kungosiyana poimira wowerenga. N'zokoma kumva, koma Genesis imaika zomera za zipatso patsogolo pa dzuwa, ndi mbalame patsogolo pa nyama za pamtunda, ndipo miyala sivomereza ndondomeko imeneyo. Rashi adachenjeza kale kuti ndondomeko si nkhani yake ya mutuwo.

Mlandu umene umandisangalatsa kwambiri ndi wa mbira. Sindikunena mbira zoweta zija ana amasunga m'khitchini, koma ya m'matanthwe, yopanda mchira, imene imaothera dzuwa pamiyala ya ku Mulanje ndi ku Cape Maclear. M'Chiheberi ndi shafan. Omasulira a ku Ulaya, poti kwawo kulibe, ankangoitcha kalulu, pomwe omasulira a Buku Lopatulika adaipeza pakhomo n'kuitchula dzina lake. Levitiko 11 imaika mbira pakati pa nyama zobzikula. Akatswiri a nyama akuti sibzikula monga ng'ombe ndi mbuzi, ngakhale kuti nsagwada zake zimayenda ngati ikutero, ndipo amawonjeza chinthu chimene agogo anga akadachikana ndithu: achibale ake apafupi ndi njovu. Rabi wachinyamata wobadwira ku Manchester, Natan Slifkin, adalemba buku lonse pa ngamila, kalulu ndi mbira, ndi mabuku ena awiri onena kuti dziko ndi lakale kwambiri ndiponso kuti arabi akale ankatha kulakwa pa za sayansi. Pakati pa 2004 ndi 2005 arabi akuluakulu a Ayuda osunga mwambo kwambiri, otchedwa Haredi, adasaina chikalata choletsa mabukuwo, ndipo chidamatidwa m'makoma a ku Jerusalem. Omusindikizira adamutaya. Iye adayankha potchula Maimonides ndi Hirsch, kuti ngati iye wasokera ndiye kuti iwonso adasokera. Mu Disembala 2005 bungwe la Rabbinical Council of America, nalonso la osunga mwambo, lidalengeza kuti chiphunzitso cha kusintha kwa zamoyo, chikamveka bwino, sichitsutsana ndi kukhulupirira Mlengi. Slifkin lero amayendetsa nyumba yoonetseramo nyama za m'Baibulo ku Beit Shemesh, ndipo mbira zamoyo zilimo. Mbali zonse ziwiri zimasunga Sabata limodzi ndipo zimalemba chaka chimodzimodzi pa makalata awo, mmodzi akuwerenga zaka za dziko, mnzake akuwerenga zaka za mbiri ya anthu kuyambira pa Adamu.

Anthu a ku Zomba sayenera kuphunzitsidwa kuti chinthu chimodzi chingathe kunenedwa m'ziyankhulo ziwiri. Mu Disembala 1946 mvula idagwa masiku otsatizana, phiri lidang'ambika, matope ndi miyala zidatsika ndi mitsinje, milatho idapita ndipo anthu adafa. Azungu a boma adalemba za namondwe wochokera ku nyanja ya Indian ndi za nthaka yokhuta madzi pa thanthwe lotsetsereka. Anthu adati kwadutsa Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chimene chikamasamuka chimanka ku nyanja. Oimba adaimba za iye, ndipo Steve Chimombo wa ku Chancellor College adamusandutsa mutu wa ndakatulo zake. Zidachitikanso ku Phalombe mu 1991, ndi ku Soche ndi Mulanje pa namondwe Freddy mu 2023. Mayi amene amati "kwadutsa Napolo" ndi yemweyo amatchera khutu ku wailesi kumva a zanyengo. Mawu a zanyengo amamuuza nthawi yothawa. Dzina la Napolo limanena zimene mamilimita sanganene, mantha a usiku uja ndi kuchepa kwa munthu pamaso pa phiri.

Pali fupa lina limene limavuta kuposa miyala. Mu 1991, ku Uraha m'boma la Karonga, gulu lotsogozedwa ndi Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage lidapeza nsagwada ya cholengedwa chamtundu wathu wa Homo, ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Zaka za thanthwe munthu angazimeze, koma kumva kuti agogo a agogo ako anali ndi nsagwada yotere kumaluma penapake. Mphunzitsi wathu wina wa sekondale, mkulu wa mpingo, atafika pa mutu umenewu adatiuza kuti tilowezere mayeso koma tisaukhulupirire, ndipo adaudutsa mothamanga ngati podutsa pamanda usiku. Sindimuda, adalibe womuthandiza. Akadadziwa kuti Mishnah idafunsa kale chifukwa chimene Adamu adalengedwera yekha, n'kuyankha kuti n'cholinga choti pasapezeke wouza mnzake kuti bambo wanga ndi wamkulu kuposa wako, mwina akadaima pang'ono pa mutuwo. Mu Zomba wa atsamunda, momwe nyumba za Azungu zidakwera m'mbali mwa phiri ndipo anthu akuda adatsalira kumunsi, phunziro limenelo linali ndi mano. Ndipo sayansi ya mafupa ndi ya magazi, imene Azungu ena kale ankaigwiritsa ntchito potinyoza, idafika pa mfundo yoti anthu onse a padziko ndi banja limodzi lochokera mu Africa.

Mwala uja uli pawindo la chipinda changa, umatsendera mapepala mphepo ya chiperoni ikamawomba. Mwezi watha kudabwera azakhali anga, mayi wa Mvano wosaphonya Lachinayi. Adaunyamula, adautembenuza, n'kundifunsa kuti ndi wa chiyani. Ndidawauza zonse, za phala lamoto, za ndowa yodontha, za zaka 113 miliyoni, ndikuyembekeza kuti tikangana. Iwo adangouyeza kulemera m'dzanja.

"Ndiye unagula ndi ndalama?"

"Eya, azakhali."

"Mwana iwe! Mwala wakhala m'phiri zaka zonsezo osavuta munthu, iwe n'kukaulipirira?"

Adaubweza pawindo, mbali yonyezimira ataiyang'anitsa kudzuwa, n'kufunsa ngati madzi a tiyi awira.